Nkhope ya Tamanda Ili M'bokosi

Mayfair, Joni
21 Januwale 2024

Okondedwa amake Tamanda,

Ndiyambe ndi moyo wanu, wa amayi, ndi wa onse amene mukukhala nawo kumtunda kwa Osiyana. Ine kuno ndadzuka, kungoti chimfine chandigwira pakhosi moti ndikulankhula ngati chule wa m'dambo. Mlongo wanu Lorenso ali bwino kwambiri. Wanenepa, thalauza lomwe anabwera nalo likumukana.

Kalata yanu Petro wa basi wandipatsa Lachinayi pamodzi ndi milamba youma ija. Takhuta. Yafika itachepa, ndipo Petro akulumbira kuti ndi apolisi a pachipata, koma ndevu zake zikununkha nsomba. Zoti mulibe foni zisakudandaulitseni. Pa foni yobwereka kwa akatekisiti munthu sungalankhule zakukhosi, mudzi wonse umakhala utatchera khutu. Tizilemberana choncho.

Mwalemba kuti mu Malichi, chaka chikamakwana chibwerereni madzi aja, a mphakati akonza Misa ya onse amene anakokoloka osapezeka, ndipo banja lililonse libwere ndi chithunzi, popeza manda oti tikaimepo palibe. Mawu amenewo ndawawerenga mobwerezabwereza. Chaka chonsechi inu munkakana kuti ndikutumizireni chithunzi cha mwana wathu, inenso sindinkafuna kuchitsegula. Lero mwapempha nokha. Chibwera, musakayike.

Zithunzi zanu zinapita ndi nyumba, foni yanga anandilanda anyamata aja ku renki ya matakisi, koma zomwe ndinajambula pa Khirisimasi yomaliza ndili kumudzi zilipo. Ndinazisunga kuntchito, m'bokosi momwe mayi Molly, eni situdiyo yathu, amasungira maukwati ndi maliro onse omwe timajambulira anthu. Ndi bokosi lakuda, losaposa mawailesi aja ndinkakonza pamsika wa Bangula, koma mkati mwake muli madisiki anayi. Disiki ndi kachitsulo kosunga zithunzi. Nzeru yake ndi iyi: chithunzi chilichonse amachidula zidutswa, disiki iliyonse n'kusunga chake, monga amayi amagawira abale mbewu ya mapira kuti nkhokwe imodzi ikapsa mbewu isathe. Disiki imodzi ikafa, atatu otsalawo amakumbukira zonse, ndipo ukaikamo yatsopano amaiphunzitsa. Akafa awiri ndiye kwatha, koma zimenezo sizichitikachitika.

Ndiye mwayi wa mwamuna wanu mukuudziwa. Kalata yanu kufika Lachinayi, Lachisanu m'mawa bokosi layatsa nyali yofiira, disiki yachiwiri yafa. Mayi Molly agula ina, ndaiika dzulo ndi manja angawa, panopa atatu aja ali mkati moiphunzitsa. Pasikirini pali kamzere kosonyeza pomwe sukuluyo yafika, ndipo kakuyenda mwaulesi wa Petro akamatsitsa katundu. Abwana aletsa kuti wina asatsegule kanthu mpaka kamzereko kafike kumapeto, akuti tilichedwetsa. Ndikanatha kuba mpata n'kukopera chithunzi chimodzi, koma ndati ndidikire, ntchito kuno saitola pamsewu. Kakangofika, ndisindikiza chachikulu, ndichiike mu felemu.

Ndatumiza shuga, sopo ndi nsapato za amayi. Kangachepe kali mu envelopu mugulire mbewu ya mbatata, ndipo musabzale kufupi ndi Ruo ngakhale anzanu akunyengerereni kuti chinyontho chili komweko. Za mapepala anga musafunse kaye.

Ndine mwamuna wanu,
Amosi


Mayfair
29 Januwale 2024

Amake Tamanda,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Ine chimfine chatha, mutu wokha ndi umene ukundivuta.

Felemu ndinagula, yamatabwa, ili pamwamba pa sutikesi. Koma Petro akubwera ndi kalata yokhayi, ndipo ndikupemphani muiwerenge muli nokha.

Kuno magetsi akumathimitsa mosinthana madera monga kwathu, kusiyana kwake n'koti kuno amalengezeratu nthawi. N'chifukwa chake bokosi lija lili ndi batire lake pansi pa tebulo, loti magetsi akathima lizilisunga lamoyo, kapena lilipatse mpata wodzitseka lokha bwinobwino. Lolemba lapitali masana ine ndi mayi Molly tinapita kukajambula phwando la sukulu yamkaka ku Turffontein. Tinasiya kamzere kaja katadutsa theka. Tili komweko magetsi anathima dera lathu lonse, nthawi yosalengezedwa n'komwe. Pobwerera tinapeza bokosi lili zii, lozizira. Batire linali lodzaza, koma silinathandize. Chifukwa chake ndidzakuuzani tsiku lina.

Magetsi atabwera ndinaliyatsa. Nyali zofiira ziwiri: disiki yatsopano ija, yomwe sukulu yake inadukira panjira, ndi yachitatu, yomwe sinadwalepo chiyambire. Paja ndinakuuzani zomwe zimachitika akafa awiri. Kenako pasikirini panabwera funso m'Chingerezi chaulemu kwambiri, kufunsa ngati liyambe mwatsopano. Pansi pake timabatani tiwiri, inde ndi ayi.

Mayi Molly anati, "Dina inde, Amosi, mwina lidzuka."

Chala chinali chitafika kale. Koma zaka zonse zomwe ndakonza mawailesi sindinaonepo chinthu chowonongeka chikufunsa mwaulemu popanda chiwembu, ndiye ndinati tifunse kaye. Anaimbira munthu yemwe anawagulitsa bokosilo, ndipo munthuyo anakuwa pa foni mpaka ine kumva ndili apo, akuti mwatsopano ndiye kufufuta zonse. Ndinalithimitsa bokosilo n'kukhala pa mpando womwe timakhazikapo anthu ojambulitsa.

Panopa situdiyo yasanduka bwalo la milandu. Pali mkwatibwi wina amene vidiyo yake sitinamupatse, akubwera tsiku ndi tsiku ndi apongozi ake. Mayi Molly sakudya, akungomwa tiyi. Apeza mayi wina wodziwa za makompyuta, akuti abwera Loweruka.

Zithunzi sizinafufutike, zangotsekeredwa mkati. Ndi zomwe ndikudziuza, ndipo inunso muzidziuza zomwezo. Amayi musawauze kanthu. Akatekisiti akafunsa, nenani kuti bambo ake atumiza.

Amosi


Mayfair
10 Febuluwale 2024

Amake Tamanda,

Moni wa kuno ndi ameneyu, moyo uli apo ndi apo. Kalata yanu yoyankha yoyamba ija yandipeza. Mwalemba kuti mvula yadula, chimanga chapserera chisanamasule, ndipo ena ayamba kale kulowa m'dambo kukazula nyika, timizu ta m'madzi todya pa njala. Chaka chatha madzi, chaka chino dzuwa. Inu m'dambomo musalowe, ng'ona za ku Chiromo sizidziwa kuti munthu ali ndi njala. Ufa ndatumiza, ndipo ndalemba dzina lanu mbali zonse za thumba kuti Petro asanamizire apolisi.

Mayi wa makompyuta uja anabwera. Dzina lake ndi Immaculate, ndipo ndinadabwa kumva akundipatsa moni m'Chimang'anja. Ndi wa ku Nchalo, bambo ake anali kalaliki ku minda ya nzimbe. Amagwira ntchito ku kampani ina m'tauni, kwathu kuno amabwera akaweruka. Ndi wamfupi, wosaseka msanga. Asanakhale n'komwe pansi anandiloza chala.

"Bambo Amosi, mwakhudza chiyani? Nenani zonse ngati kwa ansembe."

Ndinati ndinayatsa kamodzi, ndinaona funso, ndinathimitsa. Anati, "Ndiye muli ndi nzeru kuposa nkhope yanu." Ndinalandira, pakuti masiku ano mawu abwino akusowa.

Anatulutsa madisiki onse, iliyonse n'kuimata kapepala ka nambala ya malo ake, akuti akasokonezeka malo ndiye tawonjezera mlandu. Lamulo lake ndi limodzi: pa madisiki amenewa sipalembedwanso kanthu. Iliyonse ikoperedwe kaye pa disiki ina yopanda kanthu, ndipo zoyesayesa zonse zichitike pa zokoperazo. Madisiki opanda kanthuwo wabwereka kuntchito kwawo, ndipo sindinafunse ngati eni ake akudziwa.

Yoyamba, yachinayi ndi yatsopano ija zinakopereka popanda vuto. Yachitatu ataiyatsa inayamba kugogoda mkati, go, go, go. Immaculate anangopukusa mutu. Akuti inali itayamba kale kudwala mwakachetechete, ndiye ntchito yophunzitsa inzake inaikakamiza kuwerenga ngodya zonse, zomwe inali isanazigwire kwa zaka. Magetsi kuduka mwadzidzidzi ili pa liwiro, kasingano kowerengera kanakanda mbale yake mkati. Kenako anati, "Musanaike yatsopano mukanayamba mwakopera zofunika." Ndinamuuza za Misa ndi za Tamanda, ndipo kuyambira pamenepo sanandilozenso chala.

Situdiyo magetsi sakhalitsa, ndiye tinasamutsira ntchitoyi kunyumba kwake ku Rosettenville komwe kuli sola. Madisiki ndinawakulunga m'thaulo, ndinawanyamula pamiyendo mu takisi, msewu wonse ndikutukwana maenje chamumtima. Panjira tinakumana ndi aja amafunsa mapepala. Anatsitsa anthu awiri, ine anangondiyang'ana. Ndinafika, tisiye pomwepo.

Disiki yodwalayo ikukoperedwa pang'onopang'ono. Kompyuta ikuwerenga kaye malo abwino, ikafika pa bala ikudumpha, idzabwererako pambuyo kukapempha kachiwiri. Pasikirini pali timabokosi tambirimbiri, tobiriwira ndi tofiira. Ndikaweruka ndimapita kukationa. Sindidziwa kuwerenga zimenezo, koma mtundu wofiira ndimaudziwa, ndipo ukuchuluka chakumapeto.

Lorenso akupereka moni. Thalauza lija layambanso kumukwana.

Wanu,
Amosi


Mayfair
19 Febuluwale 2024

Amake Tamanda,

Muli bwanji ndi amayi? Ine ndilipo.

Pakamwa pa Petro sipatsekeka. Ndinamupempha kuti anyamule ufa, iye wanyamulanso nkhani. Popeza mwamva kale, imvani bwinobwino kwa ine amene ndinalipo.

Inde, ndi Lorenso. Tsiku lija anatsala yekha m'situdiyo akusesa, monga mwa ntchito yake. Magetsi atathima, batire lija linayamba kulira pi, pi, pi, monga limachitira pouza anthu kuti layamba ntchito. Tsono inu mukudziwa lamulo la kwathu: magetsi akathima, zula zonse, chifukwa pobwera amabwera ndi ukali n'kutentha zinthu. Wailesi ya kanema ya amalume anu inapsa choncho. Ine ndemwe ndinkauza aliyense wobwera ndi wailesi yopsa pa benchi panga ku Bangula, Lorenso ali pomwepo akumva. Ndiye anazula ketulo, anazula makina osindikizira, anazula nyali. Kulira kuja osaleka. Anakwawira pansi pa tebulo, anaona chingwe cha bokosi chikulowa m'chinthu cholirachi, anati ndiye chikupsa ndi chimenechi, n'kuzula.

Pobwerera tinamupeza pakhomo, tsache m'manja, akumwetulira.

"Mlamu, lekani kudandaula, pyonsene ndazula. Palibe chipse lero."

Iye sankadziwa kuti m'bokosimo muli chiyani. Ankaona ngati ndi maukwati a eni dziko basi. Mayi Molly anamuchotsa ntchito m'mawa mwake, ndipo anavomera osatsutsa. Za Tamanda ndinamubisira kwa masabata, mpaka tsiku lina ndikuchokera ku Rosettenville, maso atadzaza timabokosi tofiira, ndinamupeza akukazinga mazira uku akuimba. Kuimba kumeneko ndi komwe kunandipsetsa mtima. Ndinamuuza zonse, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinatchula ndi zosatchula zomwe.

Anathimitsa sitovu. Anakhala pansi pasimenti, kumbuyo atatsamira bedi. Mukudziwa amene anabereka mwana paphewa tsiku lija madzi akufika m'khosi, mukudziwanso chifukwa chomwe anathawira kuno osadikira ngakhale kuti matope aume. Kenako anati, "Kawiri, mlamu. Ndamutaya kawiri."

Mtima wanga unali udakali wowawa, ndipo ndikanama ndikati panopa wapola. Ndikamuyang'ana ndimafuna kumumenya, ndimafunanso kumufunditsa bulangete. M'mawa mwake ndinapeza wanyamula chikwama chake. Ndamva kuti akutsuka magalimoto ku Fordsburg ndipo akugona kwa anyamata a ku Marka. Lamlungu ndinapita kukamufuna, atandiona patali analowa kuseri kwa lole.

Kapepala kanu kopita kwa iye ndakawerenga, mundikhululukire, kanali kosamata. Sindimupatsa. Mawu oti si mlongo wanunso ndi olemera, ndipo munthu amene ndinamuona kuseri kwa lole sangawanyamule. Madzi aja anagwetsa milatho yasimenti, inu mukufuna kuti manja a Lorenso akanatani? Chingwe chija anazula potiteteza. Ndikulemba izi kuti inenso ndizimve, pakuti ndimaiwala kangapo pa tsiku. Ngati mukafunabe kuti kapepalako kamufike, mudzalembenso Misa ikadutsa.

Disiki yachitatu yasiya kugogoda. Ndinasangalala, koma Immaculate akuti yasiya chifukwa yafa. Zomwe inapereka ndi zomwezo. Mawa ayamba kulumikiza zidutswa.

Mbuzi yotsalayo musagulitse, ngakhale ogula abwere ndi mawu okoma.

Amosi


Mayfair
27 Febuluwale 2024

Amake Tamanda,

Ndikufunirani moyo wabwino, inu ndi amayi. Mwendo wawo wovuta uja muziuthowa ndi madzi otentha. Ine tulo tokha ndi tomwe tikusowa.

Bokosi latseguka, koma musayambe kuthokoza.

Immaculate anatenga zokopera zija n'kuzikakamiza kuti zigwirizane, pakuti iliyonse inkaumirira kuti inzake ndi yotsalira. Anayesa njira iyi yakana, iyo yakana. Lachisanu madzulo mayina anangoti mbwee pasikirini, maukwati, maliro, maubatizo, zaka ndi zaka. Mayi Molly anali pomwepo. Anatsegula ukwati wina wakale, anthu akuvina bwinobwino, iwo n'kuyamba kuvina nawo. Za mkwatibwi wovuta uja zinapezekanso m'kakhadi ka kamera komwe kanaiwalika m'thumba la jekete langa, ndiye mlandu wa situdiyo watha. Aliyense anali kuseka. Inenso ndinaseka, ndinaona ngati Mulungu watiyang'ana.

Ndinapempha kuti titsike m'munsi. Dzina linalipo, TAMANDA, momwe ndinalilembera. Mkati mwake mayina a zithunzi onse ali pamzere, ndi kavidiyo kaja ankaimba nyimbo ya Khirisimasi akulakwitsa mawu. Immaculate anadina choyamba, chakana. Chachiwiri, chakana. Kavidiyo, kakana. Mpaka chomaliza. Mayi Molly anasiya kuvina.

Immaculate wandifotokozera, ndipo ndamva, ngakhale sindinafune kumva. Zinthu zakale zili koyambirira kwa madisiki, komwe yatsopano ija inali itaphunzira kale, ndiye pomwe yachitatu yavulala, yatsopano ikuyankha m'malo mwake. Zathu zili chakumapeto. Kumeneko sukulu inali isanafike, ndipo ndi komwe kasingano kanakanda kwambiri. Yatsopano sikudziwa, yachitatu yaiwala. Chithunzi chilichonse chatsala ndi mabowo, ndipo zambiri zataya mutu weniweni, poyambira pomwe kompyuta imadziwira kuti ichi ndi chithunzi. Kamzere kaja kakanangoyenda tsiku lina limodzi, bwenzi felemu ili kale m'manja mwanu.

Ndinafunsa ngati kulibe ena oposa iye. Sanakwiye. Akuti kuli malo ena kumpoto kwa tauni komwe amatsegula disiki m'chipinda chopanda fumbi atavala ngati madokotala, koma mtengo wake mungamangire nyumba yamalata, salonjeza kanthu, ndipo mbale yokandika chonchi ngakhale iwo amabweza. Pakhomo pawo amayambanso ndi kufunsa chiphaso.

Nthawi nayo yatithera. Maukwati a Pasaka ayandikira ndipo mayi Molly akufuna bokosi lawo ligwire ntchito, ndiye Loweruka aikamo madisiki ena n'kudina inde uja. Sindingawanene. Anandigwira paphewa, anati pepani m'chilankhulo chawo, anandipatsa disiki yachitatu yakufayo kuti ndisunge. Payokha ndi chitsulo chabe, koma ndaiika m'sutikesi. Madisiki obwereka aja nawo akubwerera kwa eni ake Lolemba, wina kuntchito kwa Immaculate wayamba kufunsa. Immaculate wandilonjeza kuti masiku otsalawa asefa zidutswa za Tamanda chimodzichimodzi, mwina pena pangatuluke kanthu. Ananena mawu oti mwina akuyang'ana kumbali.

Inu kumeneko yendani. Funsani aphunzitsi ake, funsani amayi a kwaya ngati wina anajambula ana pa Khirisimasi, funsani akatekisiti ayang'ane m'foni mwawo, ngakhale chithunzi cha gulu chomwe iye ali kumapeto. Ndikudziwa kuti mafoni ambiri a ku Makhanga ali pansi pa mchenga, komabe funsani.

Ndine,
Amosi


Mayfair
5 Malichi 2024

Amake Tamanda, mkazi wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Petro akunyamuka mawa ndipo walumbira kuti awoloka pa Mtayamoyo Misa isanafike. Ulendo uno ndamukhulupirira, chifukwa ataona chomwe wanyamula sanaseke.

Uthenga wanu kudzera kwa akatekisiti ndaulandira: aphunzitsi alibe, a kwaya alibe, kulibe aliyense. Ndinkayembekezera zomwezo. Mwatopa ndi kuyenda padzuwa, pepani.

Bokosi tinalifufuta Loweruka. Ndinadina ndine, pakuti ndi ntchito yanga. Nyali zonse zinayi ndi zobiriwira tsopano, likugwira ntchito bwino kwambiri.

Immaculate anasefa mpaka Lamlungu madzulo. Pa zonse zija chatuluka chithunzi chimodzi, ndipo ndikufuna mudziwe momwe chilili musanamasule pepala lomwe ndakulungira felemu. Kompyuta imajambula chithunzi kuyambira pamwamba kutsika pansi, mzere ndi mzere, ndipo ikafika pa bowo imaima, kotsalako n'kudzaza mtundu wa phulusa. Ndi chija ndinakujambulani pakhomo tikuchokera ku tchalitchi, inu mutaima, iye ali kutsogolo kwanu. Denga lathu latuluka lonse, ndi nthambi ya mtengo wa masau. Mpango wanu watuluka. Nkhope yanu yatuluka bwinobwino, mukuseka mukuyang'ana pansi. Mapewa anu atuluka, ndi dzanja lanu lamanja likutsika. Phulusa layambira pachifuwa panu. Mwana wathu anali wamfupi, amake Tamanda. Mutu wake unkalekeza m'chiuno mwanu.

Immaculate sanagonje msanga. Akuti kamera imabisa kachithunzi kena kakang'ono mkati mwa chachikulu, ndipo anakapeza kathunthu, kukula kwake ngati chikhadabo. Mmenemo alimo. Diresi lachikasu likuoneka, ndi timiyendo. Ndinati kulitsani. Anakulitsa, nkhope inasanduka timabokosi tabulauni towerengeka, popanda diso, popanda pakamwa. Akhoza kukhala mwana wa aliyense. Ndinati kulitsaninso, iye anati, "Bambo Amosi, mulibe china mmenemo." Anatuluka panja n'kundisiya ndekha ndi sikirini. Malipiro anakana.

Ndasindikiza chachikulucho momwe chilili, phulusa ndi zonse, ndipo kakang'onoko ndakamata pakona. Poyamba ndinati ndisatumize, anthu angatiseke kuti banja la wojambula labwera ndi chithunzi chopanda mwini wake. Koma ndachiyang'ana masiku awiriwa. Aliyense woona momwe mukuyang'anira pansipo adziwa kuti pali mwana. Mukafuna kuchinyamula ku Misa, nyamulani. Mukaona kuti simungathe, chisiyeni m'nyumba, mukangotchula dzina lake mokweza. Ine sindibwera, mukudziwa kuti ndikatuluka pachipata sindidzalowanso, ndipo ufa uchokera kuti.

Ndinapita ku Fordsburg kukamuonetsa Lorenso. Ulendo uno sanathawe. Anapukuta manja pa malaya, anagwira felemu, anaika chala paphulusapo, pamalo enieni pomwe pakanakhala mutu, osalakwitsa. Wakana kubwerera kuchipinda.

Tsono pali chinthu chomwe sindinauze munthu. Chaka chonsechi sindinkatsegula zithunzi zija chifukwa ndinkati zilipo, nkhope yake yasungika pabwino, ndidzaiona ndikadzalimba mtima. Dzulo ndinatsinzina kuti ndimuone ndekha. Diresi ndikuliona. Mawu ake ndikuwamva, akundiitana kuti ndimunyamule aone mkati mwa kamera. Nkhope ikukana. Ndikaigwira mbali iyi, mbali inayo ikuthawa. Dzino lija linaguluka linali kumanja kapena kumanzere? Kachipsera kaja anagwa pa mtondo kanali pachibwano kapena pansi pa mlomo? Ndine bambo ake, ndipo sindikudziwa. Ndikuchita mantha.

Inu munamuona tsiku lililonse mpaka lomaliza. Misa ikatha, mupemphe pepala kwa akatekisiti, mukhale pansi pamthunzi, mundilembere mwana wathu. Musafulumire, Petro adikira. Muyambire pachipumi muzitsika, musadumphe kanthu.

Mwamuna wanu,
Amosi